Kukweza malipiro ochepetsetsa: mafunso amene anthu amafunsafunsa ndi mayankho ake

Boma likangolengeza kuti malipiro ochepetsetsa akwera, phokoso limabuka mbali zonse ziwiri. Antchito akuti ndalama zimenezi ndi chipongwe, sizifika olo pakati pa mwezi, mabwana nawo akuti mutitseketsa mabizinesi, tichotsa anthu basi. Aliyense amayankhula ngati zoona zonse zili kwa iye. Nde apa ndasonkhanitsa mafunso amene amangobwerabwera nkhaniyi ikayamba. Ndineneretu, ine ndili mbali yoti malipirowa azikwera, koma nambala yolengezedwa pa wailesi ndi ndalama yolowa m'thumba ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo zambiri zimene ndalemba pansipa zagona pamenepo.

Malipiro ochepetsetsa ndi chani kwenikweni?

Ndi ndalama imene lamulo limanena kuti wolemba ntchito asapereke yochepera pamenepo, kaya pa ola, pa tsiku kapena pa mwezi. Pachingerezi amati minimum wage. Olo wantchito avomere yekha kuti bwana ingondipatsani theka bola ndigwire, pamaso pa lamulo mgwirizano umenewo ndi wopanda ntchito. Ndipo dziwani kuti iyi ndi ndalama yoyambira, poyambira penipeni, osati kuti ndiye salale yoyenera aliyense. Mabwana ena amaitenga ngati denga pomwe ili pansi.

Zinayamba liti, ndani anayambitsa?

Si zadzana ayi. New Zealand inakhazikitsa lamulo lotsegula njira imeneyi mu 1894, dera la Victoria ku Australia linatsatira mu 1896, Britain inayamba ndi ntchito zochepa chabe mu 1909, ndipo United States inaika malipiro a dziko lonse mu 1938, masenti 25 pa ola. Ena achedwa zedi, Germany mpakana 2015, South Africa mpakana Januwale 2019. Lero pafupifupi maiko 9 mwa 10 aliwonse amene ali m'bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO ali ndi malipiro ochepetsetsa mwa mtundu wina wake.

Nambalayo amaipeza bwanji, amangoilota?

Nthawi zina zimaoneka choncho, makamaka zisankho zikayandikira. Koma mwadongosolo lake pamayenera kukhala anthu atatu patebulo, boma, olemba ntchito ndi mabungwe a antchito. Pangano la ILO nambala 131 la mu 1970 limati aziona mbali ziwiri, zosowa za wantchito ndi banja lake, mtengo wa zinthu, malipiro amene ena akulandira m'dzikomo, kenako mbali inayo momwe chuma chikuyendera komanso kuti ntchito zisathe.

Ku Britain ali ndi komiti yotchedwa Low Pay Commission imene inakhazikitsidwa mu 1997, imafufuza chaka ndi chaka n'kulangiza boma. Ku France anachita zimene ine ndimazikonda, mitengo ya zinthu ikakwera ndi 2 peresenti kuchokera pomwe anasinthira komaliza, malipiro ochepetsetsa amakwera okha osadikira kuti nduna idzuke bwino. Ku United States n'kumene kuli chitsanzo cha mbali inayo, malipiro a dziko lonse akhala pa madola 7.25 pa ola kuyambira Julaye 2009 chifukwa amadikira aphungu kuti agwirizane, ndipo sagwirizana, moti madera ndi mizinda yambiri anangotopa n'kuika awoawo okwererapo.

Funso lalikulu: akakweza, anthu sachotsedwa ntchito?

Apa mpamene akatswiri a zachuma akhala akukokanakokana kwa zaka zoposa 30, nde tikhalepo pang'ono.

Kale m'kalasi ankaphunzitsa mophweka, chinthu chikakwera mtengo anthu amagula chochepa, ntchito ya munthu nayo ndi chimodzimodzi, ukakweza mtengo wake mabwana alemba anthu ochepa, nkhani yatha. Kenako mu Epulo 1992 dera la New Jersey ku United States linakweza malipiro kuchoka pa madola 4.25 kufika 5.05 pa ola, pomwe Pennsylvania, amene achita naye malire, sanakweze. Akatswiri awiri, David Card ndi Alan Krueger, anaona kuti mwayi ndi umenewu. Anafunsa malo odyera pafupifupi 400 mbali zonse ziwiri, malipiro asanakwere komanso atakwera, kuti muli ndi antchito angati. Zimene anapeza n'kusindikiza mu 1994 zinadabwitsa anthu, ku New Jersey ntchito sizinachepe poyerekeza ndi kutsidyako. Anzawo ena, David Neumark ndi William Wascher, anatsutsa kuti mafunso a pafoni ndi osadalirika, anatenga mabuku a malipiro n'kupeza kuti ntchito zinachepa ndithu, Card ndi Krueger n'kubwereranso ndi manambala a boma, mkangano n'kumapitirira. Card anadzalandira nawo mphoto ya Nobel mu 2021, Krueger anali atamwalira mu 2019.

Kuchokera pamenepo kafukufuku wachuluka. Ku Britain pomwe ankayamba mu Epulo 1999 ndi mapaundi 3.60 pa ola, otsutsa ankalosera kuti ulova uchita kusefukira, sizinachitike. Ku Germany mu 2015 ataika mayuro 8.50 pa ola mantha anali omwewo, ndipo chimene chinaoneka n'choti timakampani tina tating'ono tinatsekadi koma antchito ambiri anasamukira ku makampani akuluakulu olipira bwinoko. Nde yankho lachilungamo ndi lakuti, kukweza kwa pang'onopang'ono, koyenderana ndi malipiro a m'dzikomo, nthawi zambiri sikuthetsa ntchito zochuluka monga amaopsezera. Koma mawu oti "pang'onopang'ono" musawadumphe.

Zingatheke bwanji kuti bwana alipire zambiri koma osachotsa munthu?

Chifukwa msika wa ntchito suli ngati momwe amaujambulira pabolodi. Taganizani dera limene kuli fakitale imodzi yokha kapena munda umodzi waukulu, wantchito alibe kwina kopita, kusamuka kumafuna ndalama, ana ali pasukulu, lendi ikudikira. Bwana wa pamalo otero amatha kulipira pansi pa phindu limene wantchitoyo akumubweretsera, chifukwa akudziwa kuti munthuyo sachoka. Akatswiri amati monopsony, mawu amene anatchukitsa mayi wina wa ku Britain, Joan Robinson, mu 1933. Pamalo oterowo lamulo likakweza malipiro, bwana amangodya phindu locheperako, koma kuchotsa munthu amene akumupangirabe ndalama kungakhale kudzipweteka yekha.

China n'chakuti anthu olipidwa mwachipongwe sakhalitsa. Lero walemba, mwezi wamawa wathawa, ulembenso wina, umuphunzitse, aphwanye zinthu masabata awiri oyamba, nayenso athawe. Zonsezo ndi ndalama ngakhale sizioneka pa buku la salale. Malipiro akakwerako anthu amakhazikika, kujomba kumachepa, nde gawo lina la ndalama ija limabwerera lokha.

Nde bwanji osangokweza kawiri kapena katatu nthawi imodzi?

Chifukwa chingwe chili ndi pothera. Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi American Samoa, tizilumba ta m'nyanja ya Pacific tolamulidwa ndi United States komwe ntchito zambiri zinali za m'mafakitale oika nsomba m'zitini. Lamulo la 2007 linalamula kuti malipiro kumeneko azikwera chaka ndi chaka kuthamangira a ku United States, pomwe chuma chake n'chaching'ono kutalitali, ndipo mu 2009 fakitale imodzi yaikulu inatseka, anthu pafupifupi 2,000 n'kukhala pakhomo. Panali zifukwa zinanso, mpikisano ndi maiko otchipa, koma malipirowo anathandizira.

Nchifukwa chake akatswiri sayang'ana nambala yokha, amaiyerekeza ndi malipiro a munthu wapakatikati, uja woti mukandandalika antchito onse kuyambira wolandira zochepa mpaka bwana wamkulu amapezeka pakati penipeni. Mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa European Union mu lamulo lake la 2022 inatchula 60 peresenti ya malipiro apakatiwo ngati muyeso umene maiko angagwiritse ntchito. Ukapitirira kwambiri pamenepo ngozi imakula. Ofesi yowerengera bajeti ya aphungu ku United States, CBO, inayerekeza mu 2019 kuti kukweza mpaka madola 15 pa ola kukanakwezera malipiro anthu 17 miliyoni, kutulutsa 1.3 miliyoni muumphawi, komanso mwina kuthetsa ntchito 1.3 miliyoni. Aliyense anangotolapo nambala yomukomera n'kumathamanga nayo.

Ngati sachotsa anthu, ndalama zowonjezerazo zimachokera kuti? Si ife tomwe ogula?

Mbali yaikulu, eya. Walira mvula walira matope. Ku Hungary anakweza mwamphamvu zedi, kuchoka pa ma forint (ndalama ya kumeneko) 25,500 pa mwezi kufika 40,000 mu 2001, kenako 50,000 mu 2002, ndipo ofufuza anapeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalamazo analipira ndi ogula kudzera m'mitengo, gawo lotsalalo eni makampani. Ntchito zimene zinatha zinali zochepa, makamaka m'makampani ogulitsa katundu kunja amene sakanatha kukweza mitengo poopa kuluza makasitomala.

Koma tiwerengere bwino. Tinene kuti pa 100 iliyonse imene malo odyera amawononga, 30 ndi ya malipiro, ndipo theka la malipirowo ndi la antchito amene akukhudzidwa. Malipiro awo akakwera ndi 10 peresenti, ndalama zonse zoyendetsera malowo zakwera ndi 1.5 yokha pa 100. Wantchito wapeza 10, mtengo wakwera pang'ono chabe, ndipo ogulawo si osauka okhaokha, olemera nawonso akulipira nawo. Nde mukamva wina akuti zinthu zonse zakwera chifukwa cha malipiro ochepetsetsa, mufunseni za mtengo wa mafuta, za kugwa mphamvu kwa ndalama, za zokolola. Nthawi zambiri malipiro ndi amene amathamangira mitengo kumbuyo ali wefuwefu, osati mitengo kuthamangira malipiro.

Akuti salale yakwera koma ine kunyumba ndikupita ndi zomwezija, chikuchitika ndi chani?

Ili ndi funso limene limandipweteka kwambiri chifukwa apa mpamene anthu amaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinaonapo mapepala awiri a malipiro a mlonda wina, la mwezi malipiro asanakwere ndi la mwezi wotsatira, atawayala pabondo akulozaloza ndi chala. Pa mzere woyamba salale inali itakweradi monga mwa lamulo. Koma mzere wa alawansi ya thiransipoti unali utasowa, wa nyumba atauphatikiza mu salale momwemo, ndipo pansi panali patabadwa mzere watsopano wodula ndalama ya yunifolomu, yunifolomu yomwe ija wakhala akuvala zaka ziwiri mpaka kolala kuyera. Pansi penipeni nambala inangosuntha pang'onong'ono. Ankangoti, "ndiye akwezapo chani apa?"

Njira zake ndi zambiri. Ena amadula maola, umagwira masiku anayi m'malo mwa asanu. Ena amasiya kulipira ovataimu koma ntchito ili yomweyo, kapena ntchito ya anthu atatu kuipereka kwa awiri. Ku Seattle, mzinda wa ku United States umene unavomereza mu 2014 kukwera pang'onopang'ono mpaka madola 15, gulu lina la ofufuza a ku University of Washington linapeza mu 2017 kuti maola a antchito olandira zochepa anachepa malipiro atafika madola 13, pomwe gulu lina la ofufuza a ku yunivesite ya ku Berkeley poona malo odyera silinapeze kuti ntchito zatha. Gulu loyambalo litafufuzanso linaona kuti amene anali kale pantchito nthawi yaitali anapindula, ovutika anali ongoyamba kumene.

Kenako pali msonkho. Ngati malire a ndalama zosadulidwa msonkho sanasunthe, kukwezako kumakulowetsani mumsonkho, boma lapereka ndi dzanja ili n'kulanda ndi linalo. Pomaliza kukwera mitengo, akakukwezerani 10 peresenti chaka chimene zinthu zakwera ndi 20, dziwani kuti akutsitsirani. Ku United States madola 1.60 a mu 1968 ankagula zambiri kuposa madola 7.25 a lero. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, nde werengerani nambala ya pansi pa pepala ndi zimene ikugula, osati ya m'nyuzipepala.

Ine ndimalandira kale pamwambako pang'ono, zikundikhudza?

Kawirikawiri inde. Ngati mwagwira zaka 6 ndipo mnyamata wolowa dzulo wakupezani chifukwa cha lamulo, bwana wanzeru amakukankhirani mmwamba pang'ono kuti pasakhale kunyinyirika. Koma kukankhako kumachepa mukamakwera makwerero, kapitawo apezako kangachepe, manejala palibe. Ndipo si lamulo, mabwana ena amangokhala chete mpaka mutafunsa nokha.

Nanga aganyu, ogulitsa m'misewu ndi ena opanda kontirakiti?

Apa ndiye pali dzenje lalikulu. ILO inanena mu 2018 kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni, oposa 60 peresenti ya onse ogwira ntchito padziko, ali m'ntchito zosalembetsedwa, ndipo mu Africa ndi oposa 85 peresenti. Wodzilemba yekha ntchito alibe bwana woti amukwezere, mlimi wolima pake chimodzimodzi. Ndipo olo pakati pa olembedwa ntchito, lipoti la ILO la 2020 linati anthu pafupifupi 266 miliyoni amalandira pansi pa malipiro ochepetsetsa, ena chifukwa lamulo silikuwakhudza, ena chifukwa mabwana akungoliphwanya.

Komabe sikuti lamulolo n'lachabe kwa iwo. Ku Brazil anaona kuti malipiro ochepetsetsa akakwera, olo a ntchito zosalembetsedwa amakwerako, chifukwa nambala ija imakhala ngati nyali yoti aliyense aziyang'anako pokambirana. Waganyu amatha kunena kuti boma lati zakuti, inu mukundipatsa zingati? Mbali yoipa ndi yoti nambala ikakwera kwambiri pomwe oyendera malo antchito palibe, mabwana amangosiya kulemba anthu mwalamulo, aliyense n'kusanduka waganyu wa muyaya, wopanda penshoni, wopanda tchuthi.

Bwanji antchito apakhomo ndi a m'minda nthawi zambiri amawaikira zochepa?

Mbiri yake ndi yosakoma. Lamulo la 1938 ku United States linawasiya kunja onse awiri. South Africa poyamba mu 2019 inaika marandi 20 pa ola kwa antchito ambiri, 18 kwa a m'minda, 15 kwa apakhomo, koma anafananitsa, a m'minda mu 2021 ndipo apakhomo mu 2022. Chifukwa chimene amapereka n'choti wolemba ntchito wapakhomo si kampani, ndi munthu wodikira salale nayenso, ukamukwezera kwambiri angomuuza wantchito kuti basi bwererani kwanu. Pali zoona pamenepo. Koma ndi zoonanso kuti ntchito zimenezi amagwira kwambiri ndi amayi ndi anthu opanda mawu, ogwira kuseri kwa mpanda komwe woyendera wa boma safika, amene amadzuka anthu onse ali mtulo n'kugona onse atagona, maola awo palibe amawerenga. Munthu wotere olo umuikire nambala yabwino pa mwezi, ukaigawa ndi maola amene amagwiradi imatsika mochititsa manyazi.

Mabizinesi ang'onoang'ono sangafe nazo?

Ena amavutikadi, tisanamizane. Kampani yaikulu ili ndi pogwira, koma mayi wa kamalo kodyera ka antchito anayi amakhala usiku ndi kope ndi kakyuleta ya pafoni, lendi, magetsi, katundu, salale, akaphatikiza sizikukwana. Chimene chimathandiza ndi kulengeza nthawi ikadalipo osati lero n'kuti ziyambe mawa, kukweza m'magawomagawo, komanso boma kuwapeputsira msonkho ang'onoang'onowo. Koma bizinesi imene imangoyenda pokhapokha wantchito agone ndi njala, pamenepo amene akuipatsa ngongole yosabweza mwezi ndi mwezi ndi wantchitoyo.

Kodi kukweza malipirowa kumathetsa umphawi?

Kumachepetsa, sikuthetsa. Kumachepetsanso kusiyana pakati pa olandira zambiri ndi zochepa, ndipo Brazil ya zaka za m'ma 2000 ndi chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri, ngakhale kumeneko zinayendera limodzi ndi pologalamu yopereka ndalama kwa mabanja osauka ya Bolsa Família imene inayamba mu 2003. Vuto ndi loti osaukitsitsa ambiri sali pa salale n'komwe, ndi malova, okalamba, odwala. Komanso salale yomweyo imene ikukwanira mbeta siingakwanire bambo wa ana asanu. Pali chabwino china chimene anthu amaiwala, wolandira zochepa akawonjezeredwa ndalama sakaisunga kunja, amaigwiritsa ntchito sabata yomweyo kubweza ngongole, kugula nsapato za mwana, nde imazungulira m'dera momwemo.

Ndamva kuti maiko ena olemera alibe lamulo limeneli, zoona?

Zoona. Sweden, Denmark, Finland, Austria ndi Italy alibe nambala imodzi yoikidwa ndi boma. Koma musafulumire kusangalala ngati ndinu bwana, kumeneko malipiro amakambirana mabungwe a antchito ndi a olemba ntchito gawo ndi gawo, ndipo mapanganowo amakhudza antchito ochuluka zedi. Kutengera zoti palibe lamulo n'kusiya zoti mayuniyoni ali ndi mano, kumeneko n'kukopera theka la yankho.

Bwana wanga akundipatsa zochepera lamulo, nditani?

Choyamba dziwani nambala yeniyeni ya ntchito yanu, chifukwa maiko ena amasiyanitsa malinga ndi mtundu wa ntchito, dera kapena zaka zanu, ndipo dziwani tsiku limene inayamba kugwira ntchito. Chachiwiri sungani umboni, mapepala a malipiro, mameseji a ndalama pafoni, ndipo gulani kakope muzilemba tsiku lililonse nthawi yolowa ndi yoweruka. Kakope kameneka kamaoneka kachibwana koma pa tsiku la mlandu bwana akamati ankaweruka 4 koloko, inu mumangotsegula tsamba.

Kenako kambiranani ndi anzanu kaye musanalowe muofesi, munthu mmodzi savuta kumuchotsa, anthu 10 amavuta. Yambani ndi kufunsa mwaulemu, mwina polemba kalata n'kusunga kope yake, poti mabwana ena sadziwadi kuti nambala inasintha ndipo ena amangoyesa ngati inu mukudziwa. Zikakanika pitani ku yuniyoni ngati ilipo kapena ku ofesi ya zantchito ya boma, ndipo m'maiko ambiri mutha kuitanitsa ndalama zonse zotsalira za miyezi yam'mbuyo, komanso lamulo limaletsa kuchotsa munthu chifukwa wadandaula. Kuletsa kwa lamulo sikutanthauza kuti sizichitika, nde musasainire pepala lililonse limene simunaliwerenge, makamaka lonena kuti mwasiya ntchito mwakufuna kwanu kapena kuti mwalandira zanu zonse. Ndipo musachedwe, madandaulo oterewa amakhala ndi malire a nthawi, funsani ku ofesiko kuti kwanuko ndi miyezi kapena zaka zingati.